Mkaka Sunali wa Isake

Mu February 1991, Rakele anatsika mapiri a ku Chezi atabereka Isake, mwana wa zaka ziwiri wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Chitenje chatsopano ndi nsapato anabwereka kwa mlamu wake, kuti asakanyozeke kuchipatala cha mishoni.

Kuchipatalako kunalibe zoyezera magazi, ndipo mkaka wa ana onyentchera unali wochepa. Bambo Stephano, amene ankaona odwala, anali ndi njira yawo. Mwana wa osauka akaonda, ankati ndi njala. Wa opeza bwino akaonda, ankati ndi Edzi.

Anayang'ana nthiti za Isake, kenako nsapato za mayi ake.

"Bambo a mwanayu amagwira ntchito yanji?"

Felton, mwamuna wa Rakele, anapita kukalima fodya wa eni ku Kasungu ndipo sankatumiza kalikonse. Koma pabenchi kumbuyo kwake panali mwamuna wa baji ya chipani, ndipo tcheyamani wa kumudzi anali atachenjeza kuti wonena zoti m'dziko muno muli njala akaona zakuda.

"Amayenda ndi malole a fodya," anatero Rakele.

"Nyumba?"

"Yamalata."

"Chakudya chilipo?"

"Chilipo chambiri, bambo."

Bambo Stephano anatembenukira kwa namwino. "Mwamva? Bambo wa pamsewu, nkhokwe yodzaza, mwana chonchi. Ndi matenda aja. Musataye mkaka."

Apa m'pamene Rakele anazindikira. Anagwada pasimenti.

"Ndanama, bambo! Kunyumba tikudya gaga, tsiku lina osadya n'komwe. Zovalazi n'zobwereka!"

"Onse amatero akamva. Pitani naye kunyumba, mayi. Wotsatira!"

Rakele anapempha namwino kapu imodzi yokha ya phala. Namwinoyo anayang'ana kumbali.

Isake anamwalira Lamlungu lotsatira, akuyamwa nsonga ya chitenje. Nkhani inali itafika kale kumudzi, poti pamzere wa kuchipatala paja panali amayi awiri a m'dera lomwelo. Palibe amene anafuna kusambitsa maliro. Rakele anamusambitsa yekha, anthu ataima patali.

Felton atabwera nyengo yokolola, abale ake anamuuza kuti mkazi wake anabweretsa matenda pakhomo. Sanamufunse kanthu. Anamutulutsira katundu panja, n'kukwatira wina ku Mponela.

Rakele anabwerera kwawo ku Ntchisi. Anakalamba osadwalapo matendawo, koma kwa zaka zambiri, pamaliro ndi paukwati, mbale yake ankaitsuka payokha.