Atandifunsa za Mfuti ya Radoje

Ana asukulu ataomberedwa mumzinda, boma linakhwimitsa lamulo: mwini mfuti asanalandire chiphaso chatsopano, apolisi azifunsa kaye anthu oyandikana naye. Amuna a m'mudzi mwathu anakangana za lamuloli mwezi wathunthu pakhonde la sitolo, ena akuti mwamuna wopanda mfuti ndi galu wopanda mano. Ife akazi palibe anatifunsa, mpaka tsiku limene wapolisi anandipeza ndikuwotcha tsabola panja.

"Mayi Desanka, a Radoje oyandikana nanuwa ndi munthu wotani?"

"Ukufunsa ngati sunakulire muno. Khala pansi, usandiimire ngati mtengo."

"Ndi mwambo chabe, mayi. Anzanu onse angoti ndi munthu wabwino."

"Anzangawo amagona kutali."

Ndinamuuza zonse. Radoje akaledzera amakoka mkazi wake Ljubinka ndi tsitsi. Paukwati wa mphwake anaombera m'mwamba, chipolopolo n'kuboola denga la khola langa. Ndipo ndinamumva ndi makutu angawa akuuza Ljubinka kuti tsiku lina adzamutseka pakamwa mpaka kalekale.

Wapolisi anasiya kulemba. "Ndilembedi zimenezi?"

"Bwanji, inki yatha?"

Patatha sabata anabwera apolisi awiri, n'kutuluka m'nyumba mwa Radoje ndi mfuti yosakira nyama atayikulunga m'bulangete. Ndinaonerera pawindo, mtima uli mbee.

M'mawa mwake ndikuyanika zovala, Ljubinka anafika pampanda.

"Ndiwe eti?"

"Ndine. Ngati ukufuna kuthokoza, bweretsa mazira."

Sanaseke. "Imene atengayo inali ya chiphaso. Lamulo limati izikhala m'kabati yachitsulo yokhoma, ndipo kiyi ndinkasunga ndine, zaka khumi ndi ziwiri. Bambowa akaledzera ndinkati kiyi wasowa. Pofika m'mawa amakhala ataiwala."

"Ndiye zatha. Mfuti palibe."

"Ilipo ina, imene anabwera nayo kunkhondo. Inali kudenga, anali atayiiwala. Dzulo ayitsitsa, n'kumayipaka mafuta patebulo ine ndikusenda mbatata. Imeneyo ilibe pepala, ilibe kabati. Ndipo akuti wawanenera kupolisi ndine."

"Tiye tikanene imeneyonso."

"Apolisiwo akabwera aipeza? Pali khola, pali chitsime, pali munda wonse wa zipatso. Akapanda kuipeza adzamwa khofi n'kumapita. Wotsala m'nyumbamo adzakhala ndani, iwe?"

"Samukira kwanga."

"Mtunda wake ndi uwu, Desanka. Mpanda umodzi."

Radoje anaitana ali m'nyumba. Ljubinka anakonza mpango wake n'kupita.

Masana ndinamulondola Radoje kusitolo, komwe ankamwa kachasu ndi anzake. Ndinaima pakati pawo.

"Radoje, wakunenera ndine. Mkazi wako sanatsegule pakamwa. Ngati uli ndi mlandu, chipata changa ukuchidziwa."

Amuna aja anayang'ana m'matambula mwawo. Radoje anamwetulira, n'kundikokera mpando.

"Khalani pansi, achemwali, imwani kamodzi. Ndinu mnzake weniweni." Anatembenukira kwa anzake. "Mwaona? Mkazi wanga wachita kumutuma uyu kuti adzamuyeretse."

Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti ndawonjezera nkhuni pamoto.

Papita masabata atatu. Ljubinka sabweranso pampanda. Zovala amayanika kuseri kwa nyumba, komwe sindingamuone, ndipo m'mawa uliwonse ndimayamba ndayang'ana ngati pachumuni chawo pakutuluka utsi.