Yofiira M'munsi mwa Akamwiniatsatana

Njinga yamoto inamutula Mable pamudzipo kutada kale. Ku Vubwi kunali koyamba kufika. Matope mpaka m'akakolo. Foni yosagwira.

Anabwera kudzatenga mlongo wake Bizwick, yemwe kale ankaphunzitsa sayansi. Mkazi wake anamwalira, akuchikazi n'kumusudzula kuti azipita kwawo. Koma mtima wa Mable unali pa Yankho, mwana wa Bizwick, wokhoza bwino giredi 9. Malo a sukulu ku Katete anali atamupezera kale.

Changu cha m'tauni chinamupweteka. Sanadikire ankhoswe. Ali chiimire, chikwama paphewa, anauza a Ezekieli, malume ake a mwanayo, anthu akumva: "Yankho tinyamuka naye mawa."

"Mwabwera kudzapempha, mayi, kapena kudzatola katundu pasiteshoni?" anafunsa a Ezekieli. "Mwana ndi wa mbumba yathu. Sapita. Ndatha."

Mable anakapeza Bizwick kuseri kwa nkhokwe ali ndi Yankho, makosi m'mwamba, akuyang'ana nyenyezi.

"Wawaona Akamwiniatsatana atatuwo?" Bizwick analoza. "Tsika m'munsi. Yofiirayo."

"Kachepa bwanji, atate."

"N'kutali. Itakhala pali dzuwapa, bwenzi itatimeza ife ndi Mozambique yemwe. Inabadwa yoyera mbee, yolemera kuposa madzuwa khumi. Zikuluzikulu sizikhalitsa. Dzuwa lathu limasonkhezera pang'onopang'ono, zaka mabiliyoni. Iyi mamiliyoni khumi okha, yatupa kale, yafiira."

"Ndiye?"

"M'kati mukadzatsala chitsulo, moto udzatha mphamvu. Idzadzigwera yokha n'kuphulika. Idzaoneka ndi masana omwe."

"Liti?"

"Kaya. Mwina mawa. Mwina zaka zikwizikwi."

"Mukapita, zotsalazo adzandiuze ndani?" anafunsa Yankho.

Bizwick anangokanda chibwano.

"Achimwene, ndibwerereko," ananong'ona Mable. "Ndikagwada. Ndikapepesa."

"A Ezekieli akalankhula pagulu sabweza. Ukanalola kuche. Ankhoswe anali atayamba kuwafewetsa."

Mtambo unakwera kuchokera kum'mawa n'kuphimba zonse.

Kutacha njinga ija inabwera. Yankho kunalibe. A Ezekieli anali atamutuma kale kukapalira mtedza kumunda kwawo. Mable anaitana kawiri. Anayankha ndi agalu.

Bizwick anatulutsa mabuku ake atatu a sayansi. Anamusiyira Yankho pakhonde, n'kuwatsindika ndi mwala.

"Tiyeni, abwana," anatero wanjinga. "Mvula ikatipeza, pamtsinje sitiwoloka."

Kunayamba kuwaza. Mable ndi Bizwick anakwera.