Msewu wa kwa Muhiwa Unathera pa Khona

A Japhet Nakoma anagwira ntchito ya umesenjala m'maofesi a boma ku Zomba zaka makumi atatu ndi ziwiri. Atapuma anabwerera kwawo kwa Muhiwa, m'tsinde mwa phiri, mawondo akuphwanya koma mtima uli wodzaza ndi ulemu pa pepala lililonse lokhala ndi chidindo. Kalata ya ku ofesi sankaipinda ngati mmene timapindira enafe. Ankaiwongola bwinobwino ndi chikhatho n'kuiika m'fayilo yobiriwira imene ankayenda nayo kukhwapa ngakhale popita ku maliro.

Nkhani yaikulu kwa Muhiwa inali msewu. Kuchoka pa tala unkayenda bwino pang'ono mpaka pa khona lina pomwe panali mtengo wa mkuyu. Ukangokhota pamenepo umakumana ndi chigwembe chimene madzi ochokera m'phiri anakumba, chozama mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu. Galimoto zinkabwerera pomwepo. Mbatata ya kachewere, nthochi ndi masitiroberi zinkatsikira ku msika wa m'tauni pamitu pa amayi, ndipo mmodzi mwa amayiwo anali a Fyness, akazi awo a Japhet.

Kutatsala chaka kuti kukhale chisankho, khansala wa deralo, a Uledi Saizi, anabwera kudzalengeza kuti bungwe lina lapereka thandizo loti msewuwo ukonzedwe. Anasankha a Japhet kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko, ati chifukwa ndi munthu wodziwa za m'maofesi. Ntchito yawo inali yowerengera anthu lipoti la mwezi ndi mwezi lochokera kwa khansalayo, Lamulungu anthu akaweruka ku mapemphero, pa bwalo la sukulu.

Lipoti loyamba linati ntchito yafika pa gawo lounika. Lachiwiri linati akatswiri amaliza kuunika ndipo tsopano akuunikanso zomwe anaunikazo. Lachitatu linati giledala yopalira msewu yanyamuka ku Blantyre, ndipo anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu kuti lululu. Patatha mwezi, lachinayi linati giledalayo yafika pa Namadzi.

"Ikuyenda chokwawa kodi?" anafunsa Masautso, wa kabaza wa njinga yamoto, yemwe anali ndi ana atatu komanso pakamwa posatseka. "Mundiuze a Nakoma, ndikaitenge pa njinga."

Anthu anafa nalo phwete. A Japhet anadikira kuti phokoso lithe, kenako anafotokoza modekha kuti zinthu za boma zili ndi ndondomeko yake, ndipo munthu amene sanalowepo mu ofesi sangazimvetse.

Giledala inafikadi mu Novembala. Inapala msewu tsiku limodzi ndi theka, kuchoka pa tala mpaka pa mkuyu paja, ana akuithamangira m'mbuyo. Woyendetsa anatsika, anayang'ana chigwembe, anapukusa mutu, anadya nthochi zomwe amayi anamupatsa, n'kutembenuka. Sinaonekenso.

Mu Januwale, mvula ili pakati, kunabwera envelopu ina. A Japhet anaitsegulira kunyumba monga mwa chizolowezi, kuti ayeserere kuwerenga. Anawerenga kawiri. Lipotilo linati ntchito yokonza msewu wa kwa Muhiwa yatha yonse, anthu akusangalala, ndipo pa Lachinayi la sabata yamawa kudzabwera mlendo wochokera ku bungwe lija kudzaona ndi maso.

"Watha?" anatero a Fyness, akutula dengu pakhonde. Miyendo yawo inali matope mpaka m'mawondo. "Nanga ine ndadutsa kuti lero? Abambo ake a Luso, mukakawerenga zimenezo pagulu, ine ndikakhala kumbuyo kwenikweni, anthu asandione."

"Mwina alakwitsa potayipa," anayankha a Japhet, koma mawu awo analibe mphamvu.

M'mawa mwake anatsetsereka wapansi mpaka ku Chikanda, komwe khansala anali ndi sitolo ya simenti ndi malata. Anawapeza atakhala pa mulu wa matumba, foni ziwiri m'manja, ana a sukulu ya ukachenjede akudutsa panja ndi mabuku pamutu pothawa mvula.

"Bwana khansala, pepani, ndimati mwina pali kulakwitsa pang'ono. Lipotili likuti msewu watha."

"Eya. Sunathe?"

"Pa khona paja, bwana..."

"Achikulire, khalani pansi." A Uledi anawakokera kireti ya mabotolo. "Inu mwagwira ntchito m'boma nthawi yaitali. Mukudziwa kuti chinthu chimayamba kutha papepala, pansi n'kumatsatira. Tikanena kuti sunathe, anthu aja akwiya, ndiye thandizo la mjigo ndi la sukulu lipita kwina. Mukufuna kuti ana a kwa Muhiwa adzalire chifukwa cha inu?"

A Japhet sankafuna zimenezo.

"Ndiye mverani. Mlendo wabwera ndi galimoto, waima pa mkuyu. Pamenepo pali mipando, pali kwaya ya amayi itadzaza msewu wonse kuchoka uku mpaka uku. Inu mwawerenga mawu anu, iye wadula riboni, wamwa chakumwa, wabwerera. Alendo oterewa sakonda matope. Laimu tengani thumba ili, mukapake miyala."

A Japhet anakwera phiri atasenza laimu paphewa, ndipo pofika kunyumba nkhaniyo inali itayamba kuwamvekera bwino. Anauza anthu pa bwalo kuti nkhani si kunama ayi, koma kulandira mlendo mwaulemu, pakuti ngakhale m'nyumba, mlendo sitimulowetsa kuchipinda komwe kuli zovala zakuda. Ena anang'ung'udza, koma atamva za mjigo anakhala chete.

Masiku atatu kwa Muhiwa kunali kalikiliki. Miyala inandanditsidwa mbali zonse ziwiri za msewu n'kupakidwa laimu. Pa mkuyu anazikapo nsungwi zopindidwa ngati khomo, zokutidwa ndi masamba a nthochi. A Japhet anayendetsa okha ntchito yoimika kwaya: mizere itatu, amayi ataliatali kumbuyo, achifupi kutsogolo, mapewa ogundana kuti pasaoneke mpata. A Fyness, amene anali mtsogoleri wa kwayayo ku tchalitchi, anavomera mokakamizika.

"Zivute zitani, musapatuke," anawauza a Japhet. "Nyimbo ikatha, yambani ina."

Lachinayi kunacha bwino, mitambo itakhala pamwamba pa phiri ngati duku. Cha m'ma teni galimoto yoyera inatulukira, ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa miyala ya laimu. Munatsika khansala atavala suti yabuluu ndi nsapato zosongoka, kenako mayi wachitsikana wochepa thupi, wovala jombo za mphira. Anamutchula kuti ndi a Ella Kamwana, injiniya wa misewu. A Japhet ataona jombozo anazindikira kuti mlendoyu saopa matope, koma anadzilimbitsa.

Mphatso za mlendo, dengu la masitiroberi ndi tambala, zinali zitaiwalika kumtunda kwa mudzi, ndipo Masautso anali atatumidwa kukazitenga pa njinga. Iye yekha ndiye ankatha kuyendetsa njinga pa kanjira kopyapyala kodutsa m'mphepete mwa chigwembe. Poona kuti akuchedwa, khansala anakodola a Japhet kuti ayambe.

A Japhet anaimirira, anatsegula fayilo, anakonza kukhosi. Mawu anali olembedwa ndi khansala mwiniwake. Anathokoza bungwe, anathokoza utsogoleri wa masomphenya wa a Uledi Saizi, amayi akuyimba chapansipansi kumbuyo kwawo. Kenako kuseri kwa kwaya kunamveka mawu a amuna.

"Tipatseni njira! Amayi, njira!"

Amayi anakweza nyimbo monga anawalangizira.

"Kale tinkavutika," anawerenga a Japhet mokweza, "koma lero odwala athu akumafika ku chipatala m'mphindi khumi zokha."

"Njira, inu! Munthu wathyoka mwendo!"

A Fyness anacheuka, anaona, ndipo anadula nyimbo pakati ndi dzanja. "Patukani!" anakuwa. Mizere itatu ija inang'ambika, ndipo panatulukira amuna anayi atanyamula chitseko. Pachitsekopo panagona Masautso, thupi lonse matope ofiira, mwendo wakumanja utapindikira komwe mwendo supindikira, akubuula. M'mbuyo mwawo munkabwera bambo wina atagwira tambala uja, amene sanavulale paliponse. Kupyola onsewo, chigwembe chinali poyera, njinga ili chagada pansi pake, masitiroberi ali mbwee m'matope.

Pakamwa pa a Japhet panapitirira pokha, chifukwa zaka makumi atatu zinawaphunzitsa kuti chiganizo sachisiyira panjira. "Ndipo ngozi zatheratu," anamaliza, mawu akuzilala.

Palibe amene anaseka. A Ella anauza dalaivala kuti atsegule kumbuyo kwa galimoto, amugoneke Masautso, athamange naye ku chipatala ndi mkazi wake. Galimoto itapita, iwo anadutsa pansi pa nsungwi zija, osayang'ana riboni, n'kukaima m'mphepete mwa chigwembe. Anajambula zithunzi ndi foni, anatsikiramo, anayeza ndi mapazi, anatulukira tsidya linalo. Khansala anawatsatira akufotokoza kuti madzi anakumba pamenepo usiku wathawu, mvula yake inali yoopsa zedi.

"Usiku umodzi?" anafunsa a Ella. Analoza kamtengo ka gwafa komwe kanamera m'kati mwa chigwembemo, kofika m'chifuwa. Kenako anatembenukira kwa a Japhet. "Bambo, inu ndinu mlembi. Galimoto yomaliza inadutsa liti pano?"

A Japhet anayang'ana khansala. Anayang'ana a Fyness, amene anali atapinda manja pachifuwa. 

"Mayi, ine ndimawerenga zomwe zalembedwa," anatero. "Koma mukafunsa za galimoto, yomaliza inali ya chimanga, chaka cha njala chija. Mwana wathu Luso anali ku pulayimale. Pano ali ndi ana awiri."

A Ella analemba m'kabuku kawo. Anayenda msewu wonse mpaka kumtunda kwa mudzi, amayi akuwaonetsa malo ena oipa, ndipo pobwerera anakana kudikira galimoto, anati atsetsereka wapansi. Khansala sakanachitira mwina. Anthu anawaona akutsetsereka pambuyo pa mlendo, nsapato zosongoka zija zikuterereka, dzanja lina litagwira tambala amene a Ella anakana kulandira.

Patatha sabata, a Uledi anamveka pa wailesi. Anati iwo ngokhumudwa kwambiri, chifukwa monga mtsogoleri amadalira malipoti ochokera ku makomiti a m'midzi, ndipo zaoneka kuti mlembi wina wokalamba wakhala akusocheretsa anthu. Analonjeza kukhazikitsa komiti yofufuza. A Japhet anamva zimenezi ali pakhonde, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Kalata yowachotsa pa udindo inabwera Loweruka. Popeza mlembi watsopano anali asanasankhidwe, panalibe wina woiwerenga pa bwalo koma iwo omwe. Anaimirira, anawerenga mwadongosolo kuti a Japhet Nakoma achotsedwa chifukwa chofalitsa uthenga wabodza, anatchula tsiku ndi dzina la wosayina, n'kukhala pansi.  Kenako mkazi wa Masautso, amene anali atangochokera ku chipatala, anaimirira.

"Ife zomvera makalata zatikwana," anatero. "Amuna anga agona mwezi ndi chikhakha. Ine Lolemba ndikukaponya miyala m'dzenje muja. Amene akufuna abwere."

Lolemba kunabwera anthu khumi ndi anayi. Lachitatu anapitirira makumi asanu, ndi makasu, mawilibala ndi mabeseni. Anayamba ndi miyala ya laimu ija, chifukwa inali pafupi. Munthu wina amene anagwirapo ntchito ya za nkhalango cha ku Mulunguzi anawaonetsa kakumbidwe ka ngalande yopatutsa madzi. A Japhet anabwera tsiku lachiwiri, atavala kabudula wakale, ndipo palibe anawanena kanthu. Ankanyamula mwala umodzi umodzi, kupuma, kunyamulanso. Madzulo a Fyness ankawathowa mawondo ndi madzi otentha uku akuwanyogodola kuti manja a mesenjala ayamba matuza ngati a mwana.

Kumapeto kwa Malichi lole yogula mbatata inadutsa pa khona paja n'kukwera mpaka kumtunda. Inadutsa mopendekeka, anthu atagwira mitima, koma inadutsa. Za lipoti la a Ella anthu anangomva kuti linafika komwe linkapita, ndipo kontilakitala amene anatumiza giledala ija anasintha dzina la kampani yake.

Mu Epulo khansala anabwera pa msewu womwewo kudzachita kampeni. Anaima pamwamba pa galimoto ndi chimkuzamawu, n'kukumbutsa anthu kuti analonjeza msewu ndipo lero msewu ndi uwu, wadutsapo yekha. Anthu anaomba m'manja, chifukwa anyamata ake anali atayamba kale kugawa malaya ndi zitenje. Masautso, atatsamira ndodo, analandira malaya awiri, ati enawo ndi a mwendo. Pa chisankho a Uledi anapambananso, ngakhale kwa Muhiwa anapezako mavoti osakwana makumi awiri.

Mlembi watsopano anali a Henderson, mlamu wawo wa khansala. Lamulungu lina mu Juni anaima pa bwalo la sukulu kuwerenga kuti gawo lachiwiri, lothira tala, liyamba posachedwapa akatswiri akamaliza zokambirana. A Japhet anamvetsera ali kumbuyo, ndipo chinawapweteka kwambiri n'choti munthuyo ankawerenga mothamanga, osapuma pa mpumiro. Asanamalize, a Fyness anawagwira pamkono n'kuwaonetsa chifunga chomwe chinkatsika m'phiri. Kunyumba anali atayanika makaka padenga, choncho ananyamuka mwakachetechete kuti akaanule chiperoni chisanafike.