Utsi wa m'munda mwa Eveles

Eveles anali atayatsa kale mulu woyamba wa mitengo ya thonje pamene Che Ismaili anatulukira kumalire a munda. Iwo anali telala wosokera pakhonde la sitolo, ndipo nyumba yawo inali kumunsi kwa mundawo, komwe mwera unkakankhira utsi.

"Achemwali, chaka chino mwaganiza zotiwamba ngati milamba?"

Eveles sanaseke. Anawauza kuti kapitawo wa thonje anadutsa dzulo lake ndi mawu a chaka chilichonse: mitengo ya thonje izulidwe ndi kutenthedwa mwezi usanathe, mbozi zingagonere, ndipo wotsalira akayankha kubwalo. Mwamuna wake anali ku Halale. Munda wonsewo anazula yekha, manja ali matuza okhaokha.

Che Ismaili anamvetsera ataweramitsa mutu. Kenaka ananena za akazi awo, a Tausi, amene ankadwala mphumu. Chiyambire anthu kutentha, mayiwo sankathanso kugona pansi. Ankachezera atatsamira khoma, chifuwa chikulira ngati mluzu.

Eveles anayang'ana motowo kanthawi, natola khasu n'kuukwirira ndi dothi.

Anagwirizana zodikira kuti mphepo itembenuke. M'mawa uliwonse Eveles ankawaza fumbi m'mwamba, fumbilo n'kulowera komweko kwa a Tausi. Anayesa kututira mitengoyo kudambo, koma eni udzu wofolera anamubweza ndi mtolo uli pamutu. Ndani akanalola moto pafupi ndi tsekera wouma chotero? Kapitawo anabweranso, osatsika n'komwe panjinga, n'kungoti Lolemba asadzapeze mulu.

Loweruka madzulo Eveles anapita kwa Che Ismaili, nakhala pamphasa osadziwa poyambira.

"Amati mnzako akapsa ndevu m'zimire," anatero telalayo motopa. "Sananene zochita zikamapsa za nonse awiri."

A Tausi anali m'nyumba, ndipo anamva zonse. Anangotsokomola nthawi yaitali.

M'mawa mwake Eveles ali kumunda anaona njinga ikubwera, Che Ismaili akuikankha, a Tausi atakhala kumbuyo ndi kamtolo ka zovala pamiyendo. Ankapita kwa mchemwali wa a Tausi ku Chiwalo, ulendo wa tsiku lathunthu padzuwa limenelo. Kumenekonso anthu ankatentha, koma nyumbayo akuti inali pamtunda.

Atafika pamalire, a Tausi anakodola Eveles.

"Tenthani, mwanawe," anatero mopumira. "Mungondionerako nkhuku zanga."

Eveles anavomera ndi mutu. Anaimirira pomwepo mpaka njinga inabisika kuseri kwa mitengo ya mango, kenaka anakatenga chikuni. Milu inayaka msanga, utsi n'kutsetsereka kukaphimba denga la nyumba yopanda anthu.

Dzuwa litapendeka anatsikira kumeneko ndi gaga m'lichero. Anatsekera nkhuku, nasesa phulusa limene linagwera pakhonde. Maso ankamuwawa, ndipo anakhala pansi pomwepo kaye asanabwerere kwawo.