Mbale ya Mayi Zumra

Pa chikondwerero cha nsembe cha Bayiramu chaka chatha, abambo atabwerako ku swala ya m'mawa, tinazinga nkhosa ya nsembe kuseri kwa nyumba. Amayi anagawa nyamayo patatu monga mwa nthawi zonse: ya pakhomo, ya abale ndi anansi, ndi ya osowa. Wokapereka ndinali ine, ngakhale amadziwa kuti pakhomo pa eni mawu amandithawa.

Pa mbale zonsezo panalibe ya bambo aang'ono, a Hajrudin. Iwo ndi abambo anga, a Ragib, anali atatha zaka ziwiri osalankhulana chifukwa cha mtengo wa maapozi wa m'malire a munda. Kumzikiti ankaima mzere umodzi, koma potuluka aliyense ankavalira nsapato mbali yake.

Mbale yomaliza inali ya mayi Zumra, amasiye a m'mudzi mwathu, koma ndinapeza chitseko chokhoma. Anali atapita kwa mwana wawo kumzinda wa Tuzla. Nyama imene inali itatuluka kale pakhomo m'dzina la Allah ndinachita nayo manyazi kubwerera nayo. Nyumba yotsatira inali ya bambo aang'ono.

Ndinaima pageti nthawi yaitali. Atandiona ali pakhonde, anandifunsa ngati ndabwera kudzawerenga matabwa a mpanda wawo. Popereka nyama ya nsembe umayenera kutchula mwini wake, choncho panalibe kozembera.

"Nsembe ya a Ragib," ndinatero, maso ali pansi.

"Akutuma ndi iwowo, Lamija?"

Bodza linandikanika pa tsiku lotere. Ndinawauza zonse, za mayi Zumra ndi chitseko chokhoma. Anaseka pang'ono, nati ndiye kuti masiku ano iwo akuwerengedwa pamodzi ndi akazi amasiye. Kenako anatambasula manja.

"Allah ailandire."

Kunyumba ndinaulula. Abambo sanandikalipire, anangopitiriza kuthira mchere pachikopa cha nkhosa. Amayi anadandaula kuti mbale yawo yamaluwa yapita basi.

Koma kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu. Itangotha swala ya masana, geti linalira. Anali bambo aang'ono, mbale ija ili m'manja, yodzaza makeke a baklava onona uchi. Anaima kutsogolo kwa abambo osadziwa poiika.

"Achimwene, nkhosa yanu ija inali yowonda."

Abambo anapukuta manja pathalauza kwa nthawi ndithu.

"Koma wamaliza ndi mafupa omwe, eti?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Lamija, onjezera kapu ina ya khofi."