Ndani Aziwamwetsa Bambo Mankhwala?

Kalata itabwera yoti ndasankhidwa kukachita maphunziro kunja kwa zaka ziwiri, anzanga a kuchipatala anandiombera m'manja mpaka odwala amene anali pamzere kutembenuka. Ine ndinangosekerera pang'ono. Mtima unali kwa bambo.

Ntchito yanga ndi yogawa mankhwala, ndipo ndikaweruka siithera pachipatala. Bambo ali ndi shuga komanso vuto la kuthamanga kwa magazi. Chimwalirireni amayi, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, m'mawa uliwonse ndinkadzera kwawo, kuwabaya chala kuti ndiwayeze shuga, kuwaikira mapiritsi anayi m'manja, n'kuima pomwepo mpaka ameze. Ndikapanda kutero ankangowayang'ana ngati sakuwadziwa.

Zina zonse zokonzekera ulendo zinanditopetsa, koma zinatheka. Pasipoti inatuluka nditapitako kanayi. Chithunzi cha viza anachibweza kawiri, ati khutu limodzi silikuoneka. Jekete yokhuthala ndinaipeza, kuiyesa masana dzuwa likuswa mtengo, wogulitsa akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Azakhali anabwera ndi katoni yoti ndikapatse mwana wawo, amene amakhala dziko lina kotheratu.

"Si kunja komweko?" anatero. "Ukangofunsa, anthu akamudziwa. Ndi wamtali."

Chimene chinandiimitsa mutu ndi funso limodzi: ndani aziwamwetsa bambo mankhwala? Woyenera anali mmodzi yekha, mlongo wanga wamng'ono, wowotcherera zitsulo, amene amakhala nawo nyumba imodzi. Kwathu timangomutchula kuti Mawa, chifukwa chilichonse chimene ungamutume yankho lake ndi lomwelo.

Kutatsala milungu iwiri ndinagula kabokosi ka mapiritsi ka zipinda zisanu ndi ziwiri, chilichonse tsiku lake. Ndinalemba malangizo papepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kumata pafiriji. Kenako ndinamukhazika Mawa patebulo.

"Loyerali ndi la shuga, amwe akangodya. Lofiirali ndi la magazi. Ukumva?"

"Ndikumva, achemwali."

"Lofiira ndi la chiyani?"

"La... mutu?"

"Chotsa foniyo m'manja!"

Tinafika pobaya chala. Munthu amene tsiku lonse amaseweretsa moto ndi zitsulo, wa zipsera manja onse, atangoona kadontho ka magazi pachala cha bambo anatuwa, n'kunena kuti akufuna kaye mpweya. Anatuluka. Bambo anatsala atatambasula chala chawo m'mwamba.

"Ameneyu ndiye ukundisiyira?" anafunsa. "Bola ungondisiyira mphaka."

"Musaseke, bambo. Nkhani ya moyo wanu iyi."

"Ine ndakana? Ine wanga ndi mmero basi."

Tinabwereza masiku asanu. Tsiku lina Mawa anaika kapepala koyezera chozondotsa. Tsiku lina anathira mapiritsi a Lachinayi m'chipinda cha Lolemba, n'kunditsutsa kuti masiku onse ndi ofanana. Ine ndinayamba kulota ndili m'kalasi kunjako, foni ikulira, uthenga wake woipa. Sutikesi inali yasaa pakama, theka lopanda kanthu, chifukwa ndikati ndilongedze maganizo ankathawira ku kabokosi kaja.

Ndiye ndinaganiza zowayesa. Ndinawauza kuti Lachiwiri sindibwera, adzionere okha ngati kuti ndapita kale. M'mawa wonse wa Lachiwirilo ndinagwira ntchito mtima uli m'mwamba. Nthawi ya nkhomaliro ndinalephera kupirira, ndinakwera basi.

Ndinapeza bambo ali pakhonde akumvera wailesi. Ndinangowapatsa moni wa pakamwa n'kulunjika kukhitchini. Chipinda cha Lachiwiri chinali chodzaza, mapiritsi onse anayi ali phee. Nthawi yomweyo Mawa analowa, magalasi owotcherera ali pamphumi.

"Ichi n'chiyani?" ndinamuonetsa.

"Aa, ndimati ndiwapatsa ndikabwerako. Kunali kasitomala wa geti, achemwali, anandidzutsa mbandakucha."

"Geti! Bambo ako ndi geti chofunika n'chiyani? Tsiku limodzi lokha, limodzi! Nanga zaka ziwiri? Ukufuna ndikabwere kudzaona manda?"

Ndinalankhula zambiri, zina sindingazibwereze. Pomaliza ndinanena kuti basi, ulendo ndaulephera, ndikawalembera kalata eni maphunzirowo apatse wina. Ndinakhala pampando ndili ndi mkwiyo.

Bambo analowa mwakachetechete, akukoka masilipasi. Anatsegula kabati, n'kutulutsa mabotolo amene ndinkatengamo mapiritsi odzazira kabokosi kaja. Anawandandalika patebulo.

"Ili ndi la shuga, limodzi ndikangodya. Ili la magazi, limodzi. Aka kakang'onoka n'kochotsa madzi m'thupi. Ili la mafuta. Ndamwa onse itangokwana seveni, a m'botolo, chifukwa kabokosi kakoko kamandithyola zikhadabo."

Kenako anatenga makina oyezera, kuika kapepala molondola, kudzibaya chala osaphethira n'komwe, n'kundionetsa nambala. Inali yabwinobwino.



"Zaka makumi atatu ndakhala ndikukonza mawotchi," anatero. "Tizitsulo tosaoneka ndi maso ndinkatibwezera m'malo mwake. Ndingasokonezeke ndi mapiritsi anayi?"

"Ndiye zaka zonsezi? Mvula, dzuwa, ine kuthamangira kuno, kuchedwa kuntchito, abwana kundikalipira! Bwanji osanena?"

"Ndikananena ukanamabwera?"

Mawa anayamba kuseka. Ndinamuponyera kansalu kopukutira mbale, n'kumuphonya. Kunena zoona mkwiyo sunathe, unangosamuka kuchoka kwa mwana kupita kwa bambo ake. Ndinkafuna kulira, ndinkafunanso kuwakalipira, ndipo ndinachita zonse ziwiri.

Bambo anadikira mpaka nditamaliza kumina.

"Kalata yakoyo usalembe. Pita ukaphunzire. Ine amene ndikudera nkhawa ndi iweyo. Ukatanganidwa umaiwala kudya, ndipo kumeneko kulibe woti akakukumbutse. Ngati ukufuna kundiphunzitsa kanthu, ndiphunzitse zoimba foni yoonana nkhope zija. Ndizikuyendera ine m'mawa uliwonse."

Ndinkaganiza kuti imeneyo ndi ntchito ya mphindi khumi. Inatenga masiku onse otsalawo. Ndinkakhala kuchipinda, iwo pabalaza, n'kuwaimbira. Koyamba anadula. Kachiwiri anaika foni kukhutu, ine n'kumaona mdima ndi tsitsi la imvi. Kachitatu ndinaona denga, kenako mphuno yokha, yaikulu ngati chitseko.

"Italikitseni, bambo! Muiyang'ane ngati galasi!"

"Ndikukuona bwinobwino ine!" anakuwa, mawu akumveka kawiri, pafoni ndi kudzera pakhoma.

"Koma ine sindikukuonani!"

"Ukufuna undione chiyani? Sukundidziwa?"

Loweruka, kutatsala tsiku limodzi, ndinali chogwada pa sutikesi ndikulimbana ndi zipi pamene foni inalira. Anali iwo, aimba okha popanda wowathandiza. Nkhope yonse inaoneka, yowongoka, magalasi ali pamphuno.

"Wadya?" anafunsa.

"Ndidya, bambo. Ndikulongedza."

"Ndidikira pompano. Pita ukatenge mbale, ndikuone ukumeza."

Ndinapita kukatenga mbale.