Foda Imene Inakana Mwini Wake

Lolemba m'mawa Dailesi anakhala pa kompyuta ya mu ofesi ya loji ina ku Kande kuti amalize pulogalamu yolembera alendo imene ankakonza. Atalamula kompyuta kuti ilumikize mafayilo onse akhale pulogalamu yathunthu, inakana. Inati iye alibe chilolezo cholemba mu foda yake yomwe.

Anayesanso, koma zinali chimodzimodzi. Atafufuza, anapeza kuti mafayilo khumi ndi awiri sanalinso m'dzina lake. Anali m'dzina la akaunti yaikulu yoyang'anira kompyuta yonse, ndipo anasinthidwa Loweruka masana, iye ali kumaliro ku Mpamba. Pasiwedi ya akauntiyo ankaidziwa anthu awiri okha, iyeyo ndi a Joel, mkulu wa ofesiyo.

"A Joel, Loweruka munaigwirako kompyutayi?"

"Ine? Ndinangosindikiza kalata basi," anayankha osadzutsa mutu.

"Kusindikiza kalata sikufuna pasiwedi imeneyi."

A Joel anadzutsa mutu. Kenako anavomera kuti ankafuna kuonetsa eni loji pulogalamuyo, ndipo itavuta anaiyendetsa ndi akaunti yaikulu.

"Ndiye munawauza kuti wakonza ndani?" anafunsa Dailesi.

"Sanafunse."

Dailesi anabwezera mafayilowo m'dzina lake ndipo pulogalamu inatheka bwinobwino, koma mtima wake sunakhale m'malo. Asanapite kokadya anakopera ntchito yonse pa fulashi n'kuiponya m'chikwama. Kenako analembera eni loji uthenga, kupempha kuti Lachitatu adzawaonetse yekha mmene pulogalamuyo imagwirira ntchito.